Paladin wafa ndi dzuwa: kodi GM angasinthe lamulo gemu ili mkati?

Nzimbe_Nchalo: Anzanga, mlandu uwu ndaubweretsa pagulu chifukwa ku inbox kwandikwana. Loweruka tinasewera gemu ya nthano ya patebulo yotchedwa Dungeons and Dragons, mwachidule D&D kuno ku Nchalo, woyendetsa gemu (GM) ndinali ine. Gulu linali pa ulendo wa tsiku lathunthu, kutsika phiri kupita kudambo, ndipo ndinanena kuti m'dziko la nkhani yathu ndi nyengo ngati Okutobala wa kuno. Ndinagamula kuti aliyense wovala zachitsulo aziponya Constitution save (kuponya dayisi kuona ngati thupi lapirira) ola lililonse likatha, akalephera atenge levulo imodzi ya exhaustion (kutopa). Paladin wa a Kabaza, msilikali wopatulika amene iwo amasewera m'nkhaniyi, anafika kumtsinje ali pa levulo 3 ya exhaustion, ng'ona inamugwira akukwera bwato, mapeto ake anafa. Pano a Kabaza akuti ndinapha munthu wawo ndi lamulo lomwe mulibe m'buku. Weruzani.

Kabaza_Dyeratu: Achimwene, fotokozani zonse, musasiye zina. Lamulo la kutentha lilipodi m'buku la ma GM, Dungeon Master's Guide ya 2014, ndaliwerenga ndekha. Limati kukatentha kufika madigiri 100 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 38 athuwa, munthu amene ALIBE madzi akumwa ndi amene aponye save. Ola loyamba DC (nambala yofunika kuifikira ukaponya dayisi) ndi 5, ola lililonse lotsatira imakwera ndi 1, ndipo wovala zolemera amaponya ndi disadvantage (kuponya kawiri n'kutenga yaing'ono). Ife madzi tinali nawo. Ndinagula matumba awiri achikopa ndi ndalama za munthu wanga, zili papepala. Inu munangochotsa mawu onena za madziwo n'kusiya zina zonse, ndipo munatiuza titanyamuka kale.

Nzimbe_Nchalo: A Kabaza, inu mumapalasa njinga masana pa M1. Mukudziwa kuti kukafika 42, kaya wamangirira chigubu cha malita asanu pa kaliyala, mutu umazungulira basi. Ndiye munthu wavala chain mail ya makilo pafupifupi 25, akuyenda dzuwa lili paliwombo, ine ndinene kuti ali bwinobwino chifukwa wamwa madzi? Amene analemba bukulo sanayendepo ku Ngabu mu Novembala.

Kabaza_Dyeratu: Zoti kumatentha sindikukana. Koma ine kasitomala timagwirizana mtengo asanakwere. Sindingafike naye pakati panjira n'kumuuza kuti kwatentha, mtengo wakwera.

Mlamba_waTengani: Apa a Kabaza mwamenya 😂

Mwana_waMarka: Pepani akuluakulu, ndine watsopano. Kodi GM saloledwa kusintha chilichonse? Ine ndinamva kuti mawu ake ndiye lamulo.

Aphunzitsi_Ngabu: Mwana wathu, funso lako ndi lakale kuposa D&D yeniyeniyo. Asilikali a ku Prussia anali ndi masewera ophunzirira nkhondo patebulo otchedwa Kriegsspiel, omwe Reisswitz anawapereka ku gulu lankhondo mu 1824. Malamulo ake anali ochuluka moti nkhondo ya patebulo inkachedwa kuposa nkhondo yeniyeni. Mu 1876 Verdy du Vernois anati tiyeni timusiyire woweruza wodziwa nkhondo azigamula ndi mutu wake. Kuyambira pamenepo mkangano ndi womwewu: buku kapena munthu? Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa D&D mu 1974 anali timabuku titatu tating'ono todzaza ndi mipata, ndipo kumapeto kwake ankalimbikitsa woyendetsa kuti pomwe sipakumveka azigamula yekha mmene akufunira. Gygax yemweyo patapita zaka zochepa anatulutsa Advanced D&D ya malamulo othinana, pofuna kuti matebulo onse azisewera mofanana, makamaka pa mipikisano. Ndiye ngakhale eni akewo anayendako mbali zonse ziwiri.

Ufulu wosintha a Nzimbe ali nawo, mabuku a masiku ano amanenanso choncho. Chimene chikundivuta ine ndi masamu. A Kabaza, Constitution ya paladin wanu inali bwanji?

Kabaza_Dyeratu: 14 aphunzitsi. Ndiye kuti +2 pa dayisi. Paladin mwiniwakeyo ndi wa levulo 3.

Aphunzitsi_Ngabu: Chabwino. Paladin alibe proficiency (luso lowonjezera nambala) pa Constitution save, zake ndi Wisdom ndi Charisma. Ola loyamba DC 5, akufunika 3 kapena kuposa, mwayi ndi 90 pa 100. Koma ndi disadvantage uponya kawiri n'kutenga yaing'ono, ndiye 90 ija imatsika kufika 81. Ola lachisanu ndi chitatu DC yafika 12, akufunika 10, mwayi 55 pa 100, ndi disadvantage 30 basi. Mukaphatikiza maola onse asanu ndi atatu, munthu wotere amalephera katatu kapena kanayi pa tsiku. Sizinali tsoka ayi, a Nzimbe. Lamulo lanulo ndi mmene limatulutsira. Ndipo levulo 4 ya exhaustion imadula HP (mapointi a moyo) pakati, 5 munthu sayendanso, 6 ndi maliro. Kugona usiku wonse kumachotsa levulo imodzi yokha. Ulendo ukanakhala wa masiku awiri, ng'ona sikanavutika n'komwe.

Mawu onena za madzi aja ndiwo chitseko chomwe olemba anasiyira wosewera kuti athawirepo. Mukachotsa mawuwo, zotsalazo zimaluma mopitirira.

Nzimbe_Nchalo: Chitseko china chinalipo. Akanavula zitsulozo n'kuzimanga pa bulu. Ndinawafunsa kawiri kuti mukuyendabe chovala? Anati eya.

Kabaza_Dyeratu: Kuvula ndi mphindi 5, kuvalanso mphindi 10, zili m'buku. Inu ndi GM woti mphindi khumi simupatsa munthu, achifwamba amangotulukira mu bango. Ndikanavula mukanandipha ndi mivi, ndavala mwandipha ndi dzuwa.

Madam_Bangula: Ine ndafika mochedwa, netiweki inathawa. Ndawerenga zonse. A Nzimbe, lamulo lanu ndalikonda, ndikufuna ndilibe. Nkhani yochitikira m'chigwa chotentha iyenera kumveka kutentha, osati anthu kumayenda ngati ali ku Dedza. Koma pali zinthu ziwiri zimene tikuzisakaniza. Pali chigamulo, pomwe buku silinanene kanthu ndipo gemu ikudikira. Mwachitsanzo wosewera akuti ndikufuna kudumpha kuchoka m'bwato kukagwera pamsana pa mvuu. Buku lilibe tsamba la mvuu ndi bwato, ndiye GM anene pomwepo: ponya Athletics, DC 15, ukalephera uli m'madzi. Palibe angadandaule. Ndiye pali kusintha lamulo lolembedwa kale, lomwe wosewera analiwerenga n'kukonzekera potengera lomwelo. A Kabaza anawononga ndalama kugula matumba a madzi chifukwa buku linawalonjeza kuti madzi ndi chitetezo. Chotere chimanenedwa anthu asanatulutse mapepala awo.

Nzimbe_Nchalo: Achemwali, ndiye ndizilemba chikalata cha malamulo sabata iliyonse? Zina zimabwera gemu ili mkati.

Madam_Bangula: Zikabwera mkati, imani kaye. Nenani kuti anyamata, ndaganiza zakuti, zotsatira zake n'zakuti, amene akufuna kusintha zomwe wanyamula asinthe. Mphindi ziwiri zokha. Ine ndimatero ndi ana a mchemwali wanga, ndipo amakangana nane ngati maloya.

Thabwa_d20: Chomwe simunanene ndi ichi: exhaustion levulo 3 imapereka disadvantage pa saving throw ZONSE. Death save, yoponya munthu akakomoka kuti asafe, nayonso ndi saving throw. Munthu akakomoka amafunika 10 kapena kuposa, katatu asanalephere katatu. Mwayi wake ndi 55 pa 100 pa kuponya kulikonse, koma ndi disadvantage ndi 30. Ndipo mwayi wogwetsa 1, yomwe imawerengedwa kulephera kawiri, umakwera pafupifupi kawiri. Kodi munagwiritsa zimenezo?

Kabaza_Dyeratu: Anagwiritsa! Pamenepo ndiye anatsegula buku n'kundiwerengera liwu ndi liwu. Pa madzi buku linali la anthu osadziwa dzuwa, pa imfa yanga buku lomwelo linasanduka lopatulika.

Mlamba_waTengani: 😂😂 A Nzimbe yankhani pamenepa.

Nzimbe_Nchalo: Ndinatsata zolembedwa pomwe ndinalibe chifukwa chozisinthira. Cholakwika n'chiyani?

Thabwa_d20: Anthu a Wizards of the Coast, kampani yotulutsa gemuyi, mu Sage Advice (mayankho awo pa mafunso a malamulo) amasiyanitsa zitatu: RAW, lamulo mmene lalembedwera; RAI, chimene olemba ankafuna kunena; ndi RAF, chimene chikusangalatsa tebulo. Palibe GM amene amakhala pa chimodzi chokha. Koma wosewera akaona kuti nthawi zonse ukusankha chomwe chikumupweteka iyeyo, amasiya kukukhulupirira, kaya unalibe cholinga choipa. Loweruka paladin anakumana ndi lamulo lanu pomwe la m'buku likanamupulumutsa, n'kukumananso ndi la m'buku pomwe lanu likanamupulumutsa.

Madam_Bangula: Ndikanakhala ine, ng'onayo ikanaphonya kuluma komaliza. Ndimaponyera kuseri kwa katoni, palibe akanadziwa.

Thabwa_d20: Ayi Madam, pamenepo ndiye tasiyana. Kubisa dayisi n'kunama nambala ndi chinthu china. A Nzimbe anasintha lamulo poyera, munthu atha kukangana nawo ngati mmene tikuchitiramu. Inu mukusintha mobisa, palibe angakutsutseni. Ngati mukudziwa kale kuti ng'ona iphonya, mukuponyeranji?

Madam_Bangula: Ndikuponyera phokoso lake, ana amve mtima kugunda. Mwana wa Sitandade 6 wajambula munthu wake ndi makrayoni, wamupatsa dzina, wamupangira ndi mbiri ya agogo ake. Afe pa gemu yachiwiri chifukwa ine ndinaika chilombo champhamvu kuposa gulu? Sabweranso ameneyo. Ndipo Dungeon Master's Guide ya 2014 yomweyo imanena kuti kuponyera kuseri kumapatsa GM mpata wosintha zotsatira akafuna. Sindinazipeke ine.

Thabwa_d20: Tsiku lomwe adzazindikire, zonse zomwe anapambana m'mbuyomo adzazikayikira.

Madam_Bangula: Akadzakula ndidzachotsa katoniyo. Pano ayi.

Aphunzitsi_Ngabu: Nonse muli ndi mfundo, koma ine ndimakonda njira yachitatu. Dayisi isaname, koma GM ali ndi mphamvu pa tanthauzo la kulephera. Ng'ona yaluma, HP yafika 0, chabwino. Koma ng'ona ikhoza kumukokera munthuyo mu bango osamumaliza, anzake apeze mpata womulanditsa, ataye lupanga kapena atuluke ndi chilema. Pali masewera omwe anamangidwa pa ganizo limeneli. Apocalypse World ya Vincent Baker, ya 2010, imagwiritsa madayisi awiri wamba a mbali zisanu ndi imodzi. Ukapeza 10 kapena kuposa zatheka, 7 mpaka 9 zatheka koma ulipirapo kanthu, 6 kutsika pansi woyendetsa ndiye anena chomwe chakugwera. Woyendetsayo saponya dayisi n'komwe, ndiye alibe choti abise.

Mlamba_waTengani: Imeneyo ndiye itikomera ife a ku Nsanje, madayisi a ludo ali mbwee pamsika. Vuto lathu kuno ndi d20, dayisi ya mbali 20. Tinali nayo imodzi, inagwera pansi pa khonde usiku magetsi atazima, mpaka lero. App ya pa foni ilipo koma anyamata amakana, akuti foni ya GM imakondera. Ndiye tinayamba kuponya madayisi atatu a ludo m'malo mwa d20. Kodi tikulakwa?

Aphunzitsi_Ngabu: Simukulakwa, koma dziwani kuti mwasintha gemu yonse, osati dayisi yokha. Pakati pake mpofanana, 10.5 konsekonse. Kusiyana kuli m'mphepete. Pa d20 nambala iliyonse ili ndi mwayi wa 5 pa 100. Pa madayisi atatu manambala amaunjikana pa 10 ndi 11, ndipo 18 imabwera kamodzi pa 216. Kupeza 15 kapena kuposa pa d20 ndi 30 pa 100, pa atatuwo sikufika 10 pa 100. Ndiye mdani wa AC (nambala yofunika kuifikira kuti umumenye) yokwera amasanduka khoma, ndipo +1 wamba amalemera kwambiri. Njirayi inalembedwapo mu Unearthed Arcana ya 2004 ngati lamulo losankha, koma anasinthanso ndi za critical (kumenya kwapadera) kuti zigwirizane.

Yesani makadi. Tengani A mpaka 10 ofiira ndi A mpaka 10 akuda, makadi 20. Ofiira ndi 1 mpaka 10, akuda onjezerani 10. Imeneyo ndi d20 yeniyeni.

Mlamba_waTengani: Makadi tinayesa. Tili ndi mnyamata wina woti makadi ndi munda wake. Amaloweza zomwe zatuluka, akaona kuti akuda atsala ambiri ndi pomwe amati "ine ndikudumpha mpanda". Akaona kuti atsala ofiira amangoti munthu wanga akupuma kaye 😂

Aphunzitsi_Ngabu: Mumayenera kubwezera khadi n'kusakaniza nthawi iliyonse!

Mlamba_waTengani: Tikudziwa, koma tinazisiya dala. Zimakoma. Tebulo lonse limakhala likuwerenga, ndipo munthu akagwetsa 2 amadzitonthoza kuti zoipa zikutha. Tinagwirizana tonse kuti lamulo lathu ndi limenelo, timasakaniza makadi akatsala asanu.

Madam_Bangula: Mwamva a Nzimbe? "Tinagwirizana tonse."

Nzimbe_Nchalo: Ndamva achemwali, makutu ndili nawo. Koma pagulu pano mukuyankhula ngati osewera amadana ndi GM wosintha malamulo. A Kabaza omwewa, ndani anandipempha kuti kumwa mankhwala ochiritsa kukhale bonus action, kanthu kowonjezera kosadya mpata wako womenya? Buku la 2014 limati ndi action yathunthu. Ndinavomera pomwepo, nkhondo ili mkati, sanati dikirani tigwirizane kaye. Ndani anakuwa mpaka aneba kutuluka atagwetsa 20 pa Persuasion, akufuna kuti mfumu ya mzinda imupatse mwana wake wamkazi ndi ng'ombe zonse? Buku limati 20 ndi yapadera pa kumenya ndi pa death save, osati pa ability check. Ndinawapatsabe kanthu, mfumu inaseka n'kuwapatsa bwato. Kusintha kukawakomera kumatchedwa GM wabwino.

Kabaza_Dyeratu: Bwato lomwelo ndi limene ndinafera.

Thabwa_d20: Apa a Nzimbe akunena zoona. Ndipo za mankhwalazo matebulo ambiri ankachita choncho, mpaka mabuku a 2024 anangozilowetsa kukhala lamulo. Exhaustion nayonso anaisintha: pano levulo iliyonse imachotsa 2 pa d20 iliyonse yomwe waponya ndi mafiti 5 pa liwiro, imfa ikadali pa 6. Malamulo a pakhomo ndi amene amadyetsa buku lotsatira. Koma kusintha kopatsa ndi kusintha kolanda sikulemera mofanana. Ukandipatsa mwadzidzidzi palibe chomwe ndataya. Ukandilanda mwadzidzidzi, mapulani omwe ndinapanga sabata yonse agwa.

Nzimbe_Nchalo: Ndiye GM azingopatsa? Gemu yopanda kuluma ndi nthano ya ana.

Thabwa_d20: Landani, koma chenjezani. Ndipo chilume onse.

Mwana_waMarka: Funso lina. Achifwamba aja amene amatulukira mu bango, iwo savala zachitsulo? Amaponya save ya dzuwa?

Kabaza_Dyeratu: MWANA UYU APATSIDWE FANTA. Masabata apitawo tinamenyana ndi asilikali a mfumu masana, onse zitsulo mpaka kumutu, anatithamangitsa kuchokera kuchigwa. Palibe anatopa ndi mmodzi yemwe.

Nzimbe_Nchalo: Nthawi imeneyo lamuloli kunalibe.

Kabaza_Dyeratu: Dzuwa linaliko.

Madam_Bangula: Kumeneko ndiye kuli phindu la lamulo lanu a Nzimbe, mukalisunga. Likagwira onse, dziko lanu lisintha lokha. Asilikali aziyenda m'bandakucha ndi madzulo, masana ali pansi pa mtengo. Anthu a m'chigwa azivala zikopa zopepuka, obwera kuchokera kumapiri ndi zitsulo zawo azikomoka panjira. Osewera anzeru aziputa adani nthawi ya 11 koloko n'kuwathawitsa padzuwa. Ine ndingangolifewetsa: wokhala ndi madzi aponye popanda disadvantage, ndipo aponye maola a pakati pa tsiku okha, kuyambira 11 mpaka 3.

Aphunzitsi_Ngabu: Maola anayi, DC 5 mpaka 8, munthu wa +2 wopanda disadvantage: nthawi zambiri atuluka ndi levulo imodzi kapena osatenga n'komwe. Imeneyo ikuluma koma siyikupha. Ndipo munthu akapuma pamthunzi ola limodzi, DC ibwerere pa 5.

Nzimbe_Nchalo: Zimenezo ndingatenge. Ndizilemba pa pepala la malamulo athu limodzi ndi za mankhwala, aliyense awerenge tisanayambe. Asilikali nawonso aziponya. Koma paladin sindimudzutsa ndi pakamwa. Zomwe zinachitika patebulo zinachitika, anthu anayi anaona. Ndikayamba kubweza imfa pa WhatsApp, mawa wina adzafuna ndibweze ndalama zomwe anabetsa.

Kabaza_Dyeratu: Ndiye mwavomera kuti lamulo linali lolakwika koma maliro akhalebe?

Nzimbe_Nchalo: Ndavomera kuti la Madam ndi labwino kuposa langa. Ndi zosiyana.

Admin_Chikwawa: Akuluakulu, mauthenga adutsa muyeso, ena bandulo ndi ya pa tsiku. A Nzimbe ndi a Kabaza, njira ya m'gemu momwemo palibe?

Thabwa_d20: Ilipo. Pa matsenga odzutsa akufa, Revivify yachedwa, imafuna munthu asanathe mphindi imodzi chifereni. Koma Raise Dead imagwira mpaka masiku 10, imafuna dayamondi ya ndalama zagolide 500 ndi wansembe wodziwa matsenga a levulo 5. Gulu la levulo 3 lilibe zonsezo, ndiye ndi ulendo wokasaka. GM sanabweze kanthu, wosewera sanataye munthu wake, ndipo mwapeza nkhani ya Loweruka likubwerali.

Nzimbe_Nchalo: Kachisi alipo kutsidya kwa dambo, masiku anayi pa bwato. Wansembe wake sapereka zaulere, adzafuna ntchito. A Kabaza asewere kaye ngati m'bale wake wa wopalasa bwato mpaka akafike.

Kabaza_Dyeratu: Takhuta. Koma ameneyo ndimuveka kabudula yekha.

Mlamba_waTengani: Dikirani kaye. Raise Dead imafuna thupi, ndipo sibwezeretsa ziwalo zosowa. Chikasowa chiwalo choti munthu sangakhale moyo popanda icho, matsengawo amakanika. Paja munthuyu anagwidwa ndi ng'ona. Munamuvuula yense?

Kabaza_Dyeratu: Yense! Anzanga anamukokera m'bwato.

Nzimbe_Nchalo: Anakoka chomwe anagwira. Pa notsi zanga palembedwa kuti ng'ona inabwerera m'madzi ili ndi kanthu kukamwa.

Kabaza_Dyeratu: Chinali chishango chimenecho achimwene, munanena nokha!

Nzimbe_Nchalo: Ndinati "kanthu".

Madam_Bangula: A Nzimbe, jambulani notsizo mutumize pano pompano, musanapeze cholembera.